Theka la Inchi Pakhosi la Alamu

Pa ntchito yanga ya utelala pali zinthu ziwiri zimene sindifuna munthu azinyoze: sizasi yanga ndi tepi yanga yoyezera. Ine mukhoza kundinena kuti ndine wolongolola, ndivomera, chifukwa ndi zoona. Koma mukati tepi yanga ikunama, pamenepo tayambana. Ndiye tangoganizani mmene ndinamvera tsiku limene alamu anga, akazi a achimwene anga, anaima pakati pa shopu yanga atavala diresi losamaliza n'kunena kuti, "Tepi yanuyi yakalamba, alamu. Kaguleni ina."

Diresilo linali loti adzavale pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, mwana mmodzi yekhayo amene ali naye. Nsalu anasankha okha, yobiriwira, yolemera bwino m'manja, ndipo ankafuna kolala yoimirira, yotseka ndi batani limodzi kumbuyo kwa khosi. Ndinawayeza kudakali miyezi isanu, popeza alamu ndi aphunzitsi ndipo sakonda zinthu zothamangira tsiku litafika. Ndinalemba m'kope langa la miyezo: chiuno mainchesi 38, khosi 14. Patatha mwezi anabwera kudzayesa. Diresi linakhwefuka m'chiuno, koma batani la pakhosi linakana kutseka. Ndinadzidzudzula ndekha chamumtima, ndinabweza m'chiuno, ndinamasula pakhosi. Tsopano uku kunali kuwayeza kwachitatu, ndipo zinali zomwezomwezo. Chiuno chinali chitatsika kufika 34, khosi litakwera kufika 15.

"Alamu, tepi ikatanuka imanama mbali imodzi," ndinatero, mapini ali kukamwa. "Singachepetse chiuno n'kukulitsa khosi. Tepi yotero ndiye kuti ili ndi nzeru."

"Ndiye mukuti wonama ndine? Khosi langali ndikulipopa ndi pampu?"

Kunja kunkazizira, ine ndinali nditavala juzi, koma iwo thukuta linali kamukamu pamphumi. Anakankha zenera langa mpaka linamenya khoma. Pofuna kuchotsa pini paphewa, zala zawo zinkanjenjemera moti pini inagwa, yachiwiri inagwanso. Anavula diresi, analiponya pa mashini, ndipo potuluka anatenga mabanzi anga awiri amene ndinasungira tiyi wa m'mawa. Anadya limodzi asanafike n'komwe pakhomo.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndinangoti kakasi, muyenera kudziwa kuti ana a sukulu anawapatsa alamu dzina loti Madamu Pang'onopang'ono. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zimene akhala ndi achimwene, ine sindinawamvepo akukweza mawu. Anali munthu woti nyumba ikupsa, iwo amayamba apinda kaye nsalu ya patebulo. M'banja mwathu mtima wapachala ndi wanga, ndipo sindinkayembekezera kuti wina adzandilanda udindo.

Achimwene anga amakonza mawotchi. Tebulo lawo lili pakhonde la shopu yanga yomweyo, pafupi ndi chitseko, ndipo lili ndi kabokosi ka galasi kodzaza mawotchi a anthu amene anaiwala kudzatenga. Tsiku lonse amakhala ataweramira timano ta mawilo tosaoneka ndi maso, kagalasi kali padiso limodzi. Anthu a mumsewu wathu amawatcha a Nthawi. Ndi munthu wodekha, wosalankhulalankhula, ndipo kasitomala akamawafulumiza amangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akazi awo atadutsa pakhondepo osawapatsa moni, iwo sanadzutse mutu. Koma nditasuzumira ndinaona kuti kagalasi kali padiso, pomwe m'manja mulibe wotchi iliyonse.

Masana analowa m'shopu n'kukhala pa mpando wa makasitomala, chinthu chimene sachita.

"Chemwali, kachipinda kako ka kuseri kaja kadakali ndi zigamba zokhazokha?"

"Zigamba ndi makoswe. Bwanji?"

"Ukakonze. Ukwati wa mwanayu ukangotha, ndidzayamba kugona kumeneko."

Ndinasiya kuponda mashini. Ndinawauza kuti nthabwala zotere sindizikonda, koma nkhope yawo sinali ya nthabwala.

"Alamu ako atopa nane," anatero. "Sindikuwada ayi. Munthu amatopa. Anayamba ndi kukankha bulangete, akuti ndikuwatenthetsa. Kenako anasamuka pabedi, amagona pansi pafupi ndi zenera. Ndikalankhula ndalakwa, ndikakhala chete ndalakwanso. Amandiyang'ana maso ali tong'o ngati ndaba kanthu. Waona mmene awondera? Munthu akudya mbale ziwiri koma akutha ngati sopo. Amenewo ndi maganizo, chemwali. Ndipo anandiuza okha."

"Anakuuzani chiyani?"

"Anati, 'Bambo a mwana, mtima wangawu suli m'malo.' Kawiri konse. Ulendo wachitatu anati mtima ukungothamanga, sukufuna kukhazikika."

"Inu munawafunsa kuti ukuthamangira kuti?"

"Zofunsa zili pati? Mkazi akakuuza kuti mtima wake suli m'malo, ukufunanso akulembere kalata?" Anapukuta kagalasi kawo ndi malaya. "Ine ndimawakonda mayi amene aja. N'chifukwa chake sindifuna kuti azivutika ndi kundiona. Ndingodikira mwana alowe m'banja lake bwinobwino, asadziwe kanthu. Ndipo iwe usatsine khutu munthu aliyense."

Ndinamva chisoni, ndipo ndinachita mantha. Banja limeneli ndi limene ndinkalozera atsikana obwera kudzasoketsa madiresi a ukwati. Ndinawapatsa kiyi wa kachipindako chifukwa anaumirira, koma mausiku awiri otsatira ndinasoka manja a malaya a munthu wina mozondotsa m'maloto, ndipo tsiku lachitatu ndinawasokadi mozondotsa masana dzuwa likuswa mtengo.

Amene anandipeza ndikusosola manja amenewo ndi a Sisitala, namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumapeto kwa msewu wathu. Ndi kasitomala wanga wakalekale. Miyezi itatu iliyonse amabweretsa yunifolomu kuti ndiikulitse, ndipo nthawi zonse amati nsalu za masiku ano zimafota zikachapidwa. Ine ndimavomera, chifukwa telala wanzeru satsutsa kasitomala pa nkhani ya chiuno chake. Anaona diresi lobiriwira lija lili pa hang'ala, kolala yake itasosoledwa, mabowo a singano ali mizere itatu.

"Kolala imodzi kusoka katatu? A telala, manja ayamba kukalamba."

Apa ndiye anandiponda pachilonda. Ndinatulutsa kope langa la miyezo n'kuliika pamphuno pawo. "Werengani nokha. Munthu mmodzi, tepi imodzi, miyezi itatu. Chiuno 38, 36, 34. Khosi 14, 14 ndi theka, 15. Mwezi uliwonse theka la inchi. Cholakwa changa chili pati?"

A Sisitala anali akuseka, koma atawerenga anasiya. Anavala magalasi n'kuwerenganso.

"Mayi ameneyu amadya?"

"Ngati dzombe. Anandidyera mabanzi."

"Amamva kutentha ena akuzizidwa?"

"Zenera ilo, likadali lotsegula."

"Manja amanjenjemera? Tulo sagona? Sachedwa kupsa mtima, chonsecho kale sanali wotero?"

"Kodi mumawadziwa alamu anga?"

"Sindiwadziwa. Koma ndikuganiza kuti ndikudziwa chimene chikuwavuta. Thirani tiyi, ndikuuzeni."

Ndinathira tiyi. A Sisitala anakhala pa mpando, anavula nsapato imodzi, n'kuyamba kundiphunzitsa ngati mwana wa sukulu. Anati m'thupi mwa munthu muli tiziwalo ting'onoting'ono timene ntchito yake ndi kutumiza mauthenga. Mauthengawo ndi timadzi totchedwa mahomoni, ndipo sitiyenda m'mitsempha ya ubongo ayi, timangothiridwa m'magazi, magazi n'kutizunguliza thupi lonse. Uthenga umafika paliponse, koma chimamva ndi chiwalo chokhacho chimene uthengawo walembedwera.

"Galu akakuthamangitsani, n'chiyani chimakupatsani mphamvu yolumpha mpanda umene simungaulumphe tsiku lina?" anafunsa. "Pamwamba pa impso zanu pali tiziwalo tiwiri tokhala ngati tizipewa. Timeneto timathira homoni m'magazi, mtima n'kugunda, miyendo n'kupepuka. Mukadya banzi, kachiwalo ka kuseri kwa chifu kamatulutsa insulini kuti shuga achoke m'magazi alowe m'minofu. Kanga ine kanachita ulesi, n'chifukwa chake tiyi wanuyu ndikumwa wopanda shuga. Mwana kukula, mnyamata kumera ndevu, mayi kutuluka mkaka, zonsezo ndi mahomoni."

"Nanga khosi likubwera pati?"

Anandigwira pakhosi, m'munsi mwa kholingo. "Apa pali chithokomiro. Anthu amaganiza kuti chithokomiro ndi matenda okhaokha, koma aliyense ali nacho, kungoti chimakhala chaching'ono, chopyapyala, chooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Ntchito yake ndi kuuza thupi liwiro loti liziyendera." Analoza pansi pa mashini anga. "Chili ngati phazi lanu pa chopondera icho. Mukaponda pang'ono, singano imayenda mwaulesi. Munthu wake amanenepa, amazizidwa, amangogona. Mukapondetsa, singano imathamanga mpaka ulusi kuduka. Mtima umathamanga, thupi limatentha, chakudya chimapsa msanga ngati udzu wouma, munthu amawonda akudya. Ndipo chithokomirocho chimafufuma. Theka la inchi lanulo ndi limenelo."

Ndinafunsa ngati palibe woletsa phazilo. Anati alipo. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kochepa ngati nsawawa, kamene ndi kapitawo wa tiziwalo tambiri totere. Kapitawoyo amalawa magazi nthawi zonse. Akaona kuti homoni ya chithokomiro yachepa, amatumiza uthenga woti onjezera. Akaona kuti yachuluka, amakhala chete, chithokomiro n'kuchepetsa chokha. Koma nthawi zina asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi matenda, amasokonezeka n'kuyamba kukankha chithokomiro ngati iwo ndiwo kapitawo. Kapitawo weniweni amakhala chete mpaka kutopa, koma chithokomiro osamva.

"Ine sindine dokotala, ndipo kope la telala si chipatala," anatero a Sisitala akuvala nsapato. "Choona chidzatuluka akayezedwa magazi. Koma asachedwe, mtima suyenera kuthamanga chotero miyezi yambiri. Mankhwala ake alipo."

Mawu oti mtima kuthamanga anandilowa m'khutu n'kukhala momwemo. Ndinayang'ana pakhonde pomwe achimwene anaweramira wotchi ya munthu, ndipo ndinafuna kutuluka kukawagogoda pamutu ndi rula yanga yamtengo. Koma ndinadziletsa. Achimwene sakhulupirira zongomva. Amakhulupirira chimene awerenga okha ndi wotchi.

Vuto linali kuwabweretsa alamu. Ndikanati apite kuchipatala, akanandifunsa kuti ndinaphunzira liti udokotala. Choncho ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chiyambire utelala. Ndinawaimbira foni n'kunena kuti, "Alamu, munkanena zoona, tepi ija inali yakalamba. Ndagula ina. Bwerani Loweruka m'mawa ndidzakuyezeninso." Tepi yanga inali pakhoma, ndipo sindinaiyang'ane tsiku lonse chifukwa cha manyazi.

Loweruka alamu anafika, n'kupeza a Sisitala atakhala kale pa mpando ndi yunifolomu ina yofota. Ndinawadziwitsana. Alamu anakhala pansi akudzikupiza ndi kope langa. Ndinaona kuti m'maso mwawo munali kutopa kwa munthu amene sanagone bwino kwa nthawi yaitali.

"Mayi, mundikhululukire, ntchito yathu imatipatsa maso oipa," anayamba a Sisitala. "Tamwani madzi awa, ndione pakhosi panu."

Alamu anandiyang'ana ine. Ndinayang'ana kudenga. Mwina chifukwa cha ludzu, anamwa. Pomeza, chotupa chofewa cha m'munsi mwa khosi chinakwera n'kutsika, ndipo ngakhale ine ndinachiona. A Sisitala anawauza kuti atambasule manja kutsogolo, n'kuika pepala langa la patani pamwamba pa zala. Pepalalo linayamba kunjenjemera ngati tsamba.

"Ndinkayesa ndi ukalamba," anatero alamu, mawu atatsika. "Anzanga kusukulu akuti ndi msinkhu, mayi akamasiya kusamba amatentha thupi. Koma ine choko chikundigwa m'manja. Dzana ndinakalipira mwana chifukwa choyetsemula, kenako ndinakalira kuseri kwa kalasi. Ndinayamba kuganiza kuti mutu wanga ukusokonekera. Ndinkaopa kuuza munthu."

"Zosiya kusambazo nazonso ndi mahomoni, ndipo zimafanana," anatero a Sisitala. "Koma sizikulitsa khosi. Mutu wanu uli bwinobwino, mayi. Tiyeni timve mtima. Kodi muno muli wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi?"

Pa dzanja la a Sisitala panali wotchi, ndinaiona ndi maso angawa, koma anali atakokera mkono wa juzi pamwamba pake. Mayi ameneyu ndidzamusokera yunifolomu mpaka imfa.

"Achimwene," ndinaitana. "Tabwerani ndi wotchi yabwino."

Analowa, kagalasi kali pamphumi, atanyamula wotchi yawo ya m'thumba imene saikhulupirira munthu wina aliyense. A Sisitala anati maso awo sakuona bwino timizere ting'onoting'ono, ndiye awerenge okha a Nthawi. Anatenga zala ziwiri za achimwene n'kuziika pa mkono wa alamu, m'munsi mwa chala chachikulu.

"Mukumva kugunda? Werengani mpaka muvi uzungulire kamodzi. Munthu wongokhala pansi, mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100. Ambiri amakhala cha m'ma 70."

Achimwene anayang'ana wotchi, milomo ikugwedera. Ndikukhulupirira kuti aka kanali koyamba m'miyezi itatu kugwira mkono wa akazi awo. Alamu anayang'ana kumbali, kukhoma kumene kuli makalendala anga akale. Muvi utazungulira, achimwene anakwinya nkhope. Anagwedeza wotchi, anaiika kukhutu, n'kuyambiranso.

"Zingati?" anafunsa a Sisitala.

"124. Ulendo woyamba 126." Anayang'ananso wotchiyo. "Wotchi iyi siinama."

"Ndakhala ndikukuuzani, bambo a mwana," anatero alamu. "Katatu konse. Ndinati mtima wangawu suli m'malo, ukungothamanga. Inu munangoti 'chabwino' n'kutuluka panja."

Achimwene analoza pachifuwa pawo.

"Ndiye munkanena mtima... mtima weniweniwu? Wa m'chifuwawu?"

"Nanga ine ndili ndi mitima ingati?"

A Sisitala anaseka mpaka yunifolomu inang'ambika m'khwapa, nthawi ino popanda kuchapidwa. Ine ndinaseka misozi ili m'maso. Alamu anatiyang'ana tonse mosamvetsa, kenako anayang'ana amuna awo, ndipo pang'onopang'ono nkhope yawo inasintha.

"Inu munkaganiza kuti ndikunena chiyani?"

"Nanga pabedi munasamukiranji?" anatero achimwene, mawu ali ang'onoang'ono.

"Kutentha. Inu mumafunda mabulangete awiri ngati mwana wakhanda. Simenti ya pansi imazizira bwino." Anawayang'anitsitsa. "Ndiye inu munkati ndatopa nanu? Ine ndinkati ndinu mwatopa nane, chifukwa cha kulongolola kwangaku. Munasiya kundifunsa ngakhale kuti ndadzuka bwanji."

Ndinatenga a Sisitala pa mkono n'kuwauza kuti tikaone nsalu ina kuseri, ngakhale kuseriko kunali zigamba ndi makoswe basi. Tili kumeneko ndinawanong'oneza kuti safunsa anadya phula, ndipo achimwene anga anadya phula la miyezi itatu, chonsecho uchi uli m'nyumba momwemo.

Lolemba anapita kuchipatala onse awiri. Achimwene anatseka tebulo lawo tsiku la ntchito, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku limene mwana wawo anabadwa. Zotsatira za magazi zitatuluka, anabwera nazo kwa ine ngati satifiketi. Homoni ya chithokomiro inali itakwera kwambiri, ndipo uthenga wa kapitawo uja unali utatsika mpaka pafupifupi kusowa. Dokotala anawapatsa mapiritsi a mitundu iwiri, ena oletsa chithokomiro kupanga homoni yambiri, ena okhazika mtima pansi podikira kuti oyambawo agwire ntchito. Anawauza kuti adzamwa kwa miyezi yambiri, kuti azibwera kudzayezetsa magazi, ndiponso kuti akangomva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi abwerere msanga osadikira. Anawonjezera kuti kunyumba aziwerenga kugunda kwa mtima m'mawa uliwonse kwa masabata angapo.

Dokotalayo sankadziwa kuti ntchito imeneyi waipereka kwa ndani. Achimwene anagula kope lawolawo, analemba mizere ndi rula, ndipo m'mawa uliwonse pofika pakhonde ankandipatsa lipoti ndisanatsegule n'komwe shopu. "Lero 108." Sabata ina, "96, chemwali." Tsiku limene inafika 82 anagulira msewu wonse mabanzi. Kasitomala wina atabwera ndi wotchi yothamanga n'kunena kuti mwina angoitaya, achimwene anamukalipira, munthu wosakalipa uja. Anati wotchi ikamathamanga sutaya, umaitsegula n'kuona chimene chikuikankha. Ine ndinatsokomola mokweza m'shopu, iwo ananamizira kuti sanamve.

Si kuti zonse zinakhala bwino tsiku limodzi ayi. Sabata yachiwiri alamu anakalipirabe wogulitsa makala mpaka munthuyo anaiwala njinga yake. Tulo tinabwerera mochedwa. Maso aja anatsala otong'oka pang'ono, ndipo dokotala anati zimenezo zimatenga nthawi yake. Koma tsiku lina ndinawaona akubwera mumsewu atavala juzi, akuyenda ngati munthu amene alibe kopita, ndipo ndinadziwa kuti Madamu Pang'onopang'ono akubwerera.

Kutatsala masiku khumi kuti ukwati uchitike, anabwera kudzayesa komaliza. Ndinatenga tepi pakhoma.

"Imeneyi ndi yatsopano ija?" anafunsa.

"Ndi yakale yomwe ija. Yatsopano sindinagule."

Alamu anaigwira, anaiyang'ana manambala ake ofufutika. "Ndiye ndinainyoza pachabe. Pepani, alamu."

"Musapepese ine. Pepesani iyo."

Anapepesadi tepi, mwaulemu, ndi manja awiri, ndipo ine ndinakhululuka m'malo mwake. Chiuno chinali chitabwerera pa 36. Khosi linali pa 15 pomwe paja, chifukwa chithokomiro sichiphwa msanga. Ndinawafunsa ngati tingasinthe kolala kuti ikhale yotsika, yosagwira pakhosi. Anakana. Anati anasankha kolala yoimirira ndipo adzavala kolala yoimirira. Ndinadula ina pa nsalu yotsala, yachinayi, ndipo batani linatseka popanda kukakamiza.

Madzulo a tsiku lomwelo, alamu atapita, achimwene analowa n'kuika kiyi wa kachipinda ka kuseri pa mashini anga.

"Makoswe adandaula," ndinatero. "Anali atakukonzerani kale malo."

"Alamu ako asadzamve za kiyi ameneyu."

"Akudziwa kale. Anamupeza m'thumba la buluku lanu pochapa, sabata yomwe munapita kuchipatala ija. Anabwera kudzandifunsa, ine ndinawauza zoona, chifukwa sindinganame kawiri m'chaka chimodzi."

Achimwene anakhala pansi. "Ndiye anati chiyani?"

"Analira pang'ono. Kenako anamubwezera m'thumba momwemo. Anati mudzabweza nokha mukadzamaliza kuwerenga."

Pa tsiku la ukwati ine ndinakhala mzere wachiwiri, kumbuyo kwawo, kumene ndinkatha kuona kolala yanga bwinobwino. Inaima mowongoka, batani lili pakatikati pa khosi, ndipo ndinamva mayi wina akufunsa mnzake kuti diresi limenelo anasoka ndani. Ndinafuna kutembenuka kuti ndimuyankhe, koma nthawi yomweyo mkwatibwi analowa, ndipo aliyense anaimirira.

Dokotala anali atanena kale sabata yapitayo kuti zowerenga m'mawa uliwonse zija zikhoza kutha. Koma mwana wawo akudutsa, ndinaona dzanja la achimwene likufufuza mkono wa alamu, zala ziwiri n'kukhala pamalo paja, m'munsi mwa chala chachikulu. Ndinaweramira kutsogolo kuti ndiwanong'oneze kuti asiye udokotala pa ukwati wa mwana. Ndipamene ndinaona kuti dzanja lawo linalo linali lopanda kanthu. Wotchi ya m'thumba ija anali ataisiya kunyumba.

Alamu sanachotse mkono. Anatembenuka pang'ono n'kuwafunsa motsitsa mawu, "Zingati, bambo a mwana?"

"Sindikuwerenga," anatero achimwene. "Ndikungomvera."